Kuyambira ku community college mpaka ku yunivesite ukufuna udokotala ku America, nayi njira yake

Funsoli limabwerabwera pakati pa Amalawi okhala kuno ku America, makamaka kwa makolo amene mwana wawo wangomaliza high school kapena wangofika kumene ndi MSCE yake m'manja. Ndalama zolipirira yunivesite zaka zinayi zonse palibe, mwana akuti akufuna udokotala basi, nde akayambira ku community college, koleji ya zaka ziwiri ija, sadzitsekera mwayi? Ayi sadzitsekera, madokotala alipo ambirimbiri amene anayambira konko. Ndipo nkhani ya ndalama ndi yomveka, fizi ya community college kwa munthu wa m'dera lomwelo imakhala cha m'ma $4,000 pa chaka pamene yunivesite ya boma imapitirira $11,000, osawerengera pogona ndi chakudya. Koma amene zimawayendera ndi okhawo amene anayamba kuganiza za sukulu ya udokotala kuyambira tsiku lolembetsa kalasi yoyamba, osati atafika kale ku yunivesite.

Timvane kaye chimodzi chifukwa kwathu zinthu zimayenda mosiyana. Ku KUHeS munthu amasankhidwa ndi MSCE yake, nkuchita chaka cha premed, kenako nkulowa MBBS. Kuno ayi. Sukulu ya udokotala imatenga munthu amene wamaliza kale digiri yoyamba ya zaka zinayi, kenako zaka zina zinayi za MD kapena DO, mitundu iwiri ya digiri ya udokotala kuno, kenakonso residency, kuphunzira ntchito m'chipatala, zaka zitatu kupita m'tsogolo. Palibe digiri yotchedwa pre-med, ndi mndandanda chabe wa makalasi ndi zochitachita zimene sukuluzo zimafuna kudzaona pa fomu yanu, major mukhoza kutenga Biology, Chemistry, Psychology olo Music, bola makalasi ofunikawo mwawachita ndipo mwakhoza bwino.

Yambani ndi mapepala anu

Musanalembetse kalikonse khalani pansi muone kuti kuno muli pa mapepala anji, chifukwa nkhani yonse imasinthira pamenepa. Ngati muli ndi green card kapena ndinu citizen njira ndi yotseguka, mumalemba FAFSA, fomu yopemphera thandizo la fizi ku boma, mukhoza kupeza Pell Grant, ndalama ya boma yosabweza, ngati pakhomo ndalama n'zochepa, ndipo pafupifupi sukulu iliyonse ya udokotala idzayang'ana fomu yanu. Ngati muli pa F-1, visa ya ophunzira, aphwanga ndikuuzeni mosapsatira mawu, zinthu ndi zothina. Pa sukulu za MD zoposa 150 zimene zilipo, zolandira ophunzira akunja sizikwana ndi theka lomwe, zambiri mwa izo nzomwe zimavuta kale kulowa, ngongole za boma simungatenge, ndipo zina zimafuna muonetse kapena muike pambali fizi ya chaka chathunthu, pena ya zaka zonse zinayi, musanaponde m'kalasi. Sindikuti musiye, koma mudziwe lero osati m'chaka chomaliza, ndipo musankhe major yoti ikhoza kukudyetsani payokha zitavuta.

Inu amene munayambapo ku UNIMA, MUST, Mzuni kapena kwina kumudzi, transcript yanu ikhoza kupita ku WES kapena ECE, mabungwe ounika maphunziro a kunja, kuti aiunike ndipo koleji ya kuno mwina ikupatsani ma credit angapo. Zimenezo zimathandiza pa digiri, koma sukulu zambiri za udokotala zimafuna makalasi a sayansi achitikire ku koleji ya ku America kapena Canada, nde Chemistry amene munamukhoza ku Zomba uja konzekani kumubwereza. Zimawawa koma ndi mmene zilili.

Sankhani kumene mukupita musanasankhe makalasi

Apa mpamene ambiri amataya chaka chathunthu. Munthu amangolembetsa makalasi alionse amene ali ndi malo komanso akugwirizana ndi shifiti yake ya kuntchito, pakutha zaka ziwiri ali ndi ma credit 70, kufika ku yunivesite nkumuuza kuti 45 okha ndi amene akuwerengedwa pa major yake, enawo angokhala ma elective. Nde sabata yoyamba yomweyo lembani mayunivesite awiri kapena atatu amene mukufuna kudzapitako, kenako fufuzani mgwirizano umene ulipo pakati pa koleji yanu ndi iwowo, amautcha articulation agreement, ndi pepala limene limanena kuti kalasi yakuti ya kuno ikufanana ndi kalasi yakuti ya uko.

State iliyonse ili ndi kachitidwe kake. Ku California kuli webusaiti ya ASSIST, mumasankha koleji yanu, yunivesite ndi major, nkukuonetsani kalasi ndi kalasi, komanso kuli TAG imene imakulonjezeranitu malo ku ma campus 6 a University of California, omwe ndi Davis, Irvine, Merced, Riverside, Santa Barbara ndi Santa Cruz, mukakwanitsa zimene akufuna. UCLA, Berkeley ndi San Diego mulibe m'menemo. Ku Indiana, kumene a kwathu alikonso ambiri cha ku South Bend, amene ali pa Ivy Tech ayang'ane Core Transfer Library ndi mapologalamu a TSAP amene anakonzedwa kuti munthu akalowe ku yunivesite ya boma ngati wa chaka chachitatu. Ku Florida digiri ya AA, Associate in Arts ya zaka ziwiri, imakupatsani malo ku imodzi mwa mayunivesite a boma, ngakhale si nthawi zonse imene inu mukuifuna, ku Maryland kuli webusaiti ya ARTSYS, ku Washington anthu a sayansi amatsata Associate in Science Transfer. Kwina konse yesani webusaiti ya Transferology, koma zimene mwaona pa intaneti mukazitsimikize ndi munthu, ndipo munthuyo akhale wa ku yunivesite kumene mukupitako chifukwa ndi iwowo amene adzavomere kapena kukana ma credit anu, advisor wa pa community college amayesetsa koma amaona ophunzira mazanamazana ndipo ambiri mwa iwo ndi a nursing ndi business. Yankho lililonse mupemphe likhale la pa imelo, mulisunge. Musungenso syllabus ya kalasi iliyonse ya sayansi, tsiku lina dipatimenti ya Chemistry idzaifuna kuti ione ngati munaphunzira zofanana ndi zawo ndipo mphunzitsi wanu uja adzakhala atachoka kalekale.

Chenjeraninso ndi kusiyana kwa madigiri a zaka ziwiri, AA kapena AS (Associate in Science) ndi AAS (Associate in Applied Science). AAS ndi ya anthu opita kuntchito akangomaliza, makalasi ake ambiri sasamuka.

Makalasi ake ndi ati

Zimene sukulu zambiri zimafuna ndi izi, chaka chimodzi cha Biology ndi labu yake, chaka cha General Chemistry ndi labu, chaka cha Organic Chemistry ndi labu, chaka cha Physics ndi labu, semesita imodzi ya Biochemistry, chaka cha English, masamu amene nthawi zambiri ndi Statistics pena ndi Calculus yemwe, ndiye Psychology ndi Sociology amene olo sukulu ina isawafune mumakumana nawo pa MCAT, mayeso olowera sukulu ya udokotala. Chaka chimodzi ndiye kuti masemesita awiri, I ndi II.

Tsopano msampha uli apa, ndipo ndichedwapo pang'ono. Mukatsegula catalog mupeza ma Chemistry angapo ndi ma Biology angapo, maina ofananafanana, onse ma credit anayi, onse ali ndi labu. Tengani chitsanzo cha Texas kumene makoleji aboma amagwiritsa ntchito manambala ofanana. Pali CHEM 1405, Introductory Chemistry, ndipo pali CHEM 1411, General Chemistry I. Pali BIOL 1408 ya anthu amene major yawo si sayansi, ndi BIOL 1406 ya a sayansi. Mwana atakhala pa kompyuta usiku akuona 1405 ili ndi malo madzulo, mphunzitsi wake anthu akumuyamikira kuti ndi wofewa, 1411 yadzadza kupatula ya 8 koloko m'mawa, amangodina 1405. Semesita yatha, A wabwera, kunyumba anthu avina, koma kalasi imeneyo sukulu ya udokotala siiwerengera ngati General Chemistry ndipo siikulowetsani mu Organic. Zanu ndi 1411 ndi 1412, 1406 ndi 1407, kenako CHEM 2423 ndi 2425, Physics 1401 ndi 1402 kapena ya Calculus ija ngati major yanu ikufuna imeneyo. M'ma state ena manambala ndi ena koma muziwerenga kandime kofotokoza kalasi, mukaona mawu oti for allied health kapena for non majors, si yanu. Chimodzimodzi Anatomy and Physiology, achemwali anu amene akuchita nursing akuuzani kuti ndiye kalasi ya madokotala imeneyo, ndi yabwino kuidziwa inde koma sukulu zambiri siziitenga m'malo mwa General Biology.

Masamu ndi amene amatsegula zonse. General Chemistry imafuna mukhale mutadutsa College Algebra kapena mayeso oyezera mulingo wanu, kaya ndi ALEKS kaya ACCUPLACER, akuikeni pamwamba, nde musakalembe mayeso amenewo mwachibwana tsiku lomwe mwapita kukafunsa za fizi. Werengani kaye sabata ziwiri zitatu. Kuikidwa m'kalasi ya masamu ya pansi kumachedwetsa Chemistry I, imene imachedwetsa Chemistry II, imene imachedwetsa Organic, imene imachedwetsa Biochemistry, imene imachedwetsa MCAT, mwaonatu kuti ndi masemesita asanu ondondozana ndipo simungawadumphe.

Ziti zichitikire ku community college, ziti zidikire

Pamenepa anthu amatsutsana kwambiri. Ena amati sayansi yonse idikire ku yunivesite chifukwa sukulu za udokotala zimaderera makalasi a ku community college, ena amati zimenezo nzakale. Zoona zake n'zoti sukulu zambiri masiku ano zimawalandira, zina zimawalandira koma zimafuna kuonanso makalasi apamwamba a ku yunivesite, zochepa zimayang'ana munthu payekhapayekha, ndipo mukhoza kuona maganizo a sukulu iliyonse mu MSAR, chida cha AAMC, bungwe la sukulu za udokotala, chimene amalipiritsa kandalama pang'ono. Chimene chimawakayikitsa kwenikweni ndi mwana amene ali kale pa yunivesite nkuthawira ku community college nthawi ya summer kukachita Organic chifukwa akuopa ya pasukulu pake. Inu amene munayambira komweko nkhani yanu ndi ina, palibe amene angakufunseni kuti bwanji munachita Chemistry pasukulu imene munalipo.

Maganizo anga ndi awa. Biology, General Chemistry, masamu, English, Psychology ndi Sociology zithereni ku community college, makalasi ake ndi aang'ono, anthu 25 kapena 30, mphunzitsi amakudziwani dzina. Kudikira nazo kulibe nzeru chifukwa mayunivesite ambiri sakulandirani mu major ya Biology ngati wa chaka chachitatu musanachite zimenezi. Organic ndi Physics zimatengera zimene yunivesite yanu ikufuna musanasamuke, ngati akufuna Organic chitani, ngati sakufuna mukhoza kusiya imodzi mwa ziwirizi. Biochemistry, Genetics, Cell Biology, Physiology zikachitikire ku yunivesite ndipo mukazikhoze ndithu, chifukwa ndi zimenezo zimene zimatseka pakamwa aliyense wokayikira ma A anu akale.

Lamulo limodzi musaliphwanye, osadula kalasi ya magawo awiri pakati. Organic I kuno, Organic II uko, ndi kudziputira mavuto. Mabuku amasiyana, mitu imene kuno amaiika gawo lachiwiri uko anaimaliza gawo loyamba, mumalowa m'kalasi mphunzitsi akungoti monga tinaonera semesita yatha pamene inu simunaone kalikonse. Ndipo mayunivesite ena savomera n'komwe theka, amafuna zonse ziwiri kapena mubwereze. Zikafika poti wina ali pa semesita wina pa quarter ndiye chisokonezo chimakula. Makalasi a labu a pa intaneti nawonso apeweni ngati mungathe, sukulu zingapo zimafunabe labu yoti munagwiradi ma beaker ndi manja.

Nkhani ya GPA

Mukasamuka, yunivesite zambiri zimatenga ma credit okha, magiredi ayi, nde GPA yanu, avareji ya magiredi, ya pasukulu yatsopano imayambanso poyambira. Anthu amasangalala nazo zimenezi kumati C wa Chemistry uja wafufutika. Sanafufutike. Pofunsira udokotala mumadzera ku AMCAS ngati ndi MD, AACOMAS ngati ndi DO, TMDSAS pa sukulu zambiri za ku Texas, ndipo iwowa amafuna transcript ya koleji iliyonse imene munapondako, nkuwerengera okha GPA yawo kuchokera pa kalasi iliyonse. AMCAS ili ngati kabuku ka ngongole ka pa golosale, olo musamuke mudzi dzina lanu limakhalamobe. Mukalakwa kalasi nkuibwereza koleji yanu mwina ichotsa F uja pa GPA yake, AMCAS imawerengera onse awiri, F ndi A yemwe. AACOMAS kale inkatenga giredi yatsopano yokha koma inasiya mu 2017. Olo makalasi a koleji amene mwana anachita ali ku high school amalowa momwemo.

Amawerengeranso padera GPA ya sayansi, BCPM, kutanthauza Biology, Chemistry, Physics ndi Math. Kuti muone mpikisano wake, zaka zapitazi anthu ofunsira MD amapitirira 50,000 pa chaka ndipo olowa amakhala cha m'ma 23,000, GPA ya olowawo pakatikati imakhala pamwamba pa 3.7. Nde semesita yoyamba ija imene mwana akungozolowera dziko, akugwira ntchito usiku, akuthandiza kulera ana a azakhali, imawerengedwa mofanana ndi yomaliza.

Tanthauzo lake n'loti musamadzisenzetse katundu woposa msinkhu. Makolo ndi amalume, chonde, mwana amene ali ndi Chemistry ndi Biology ndi malabu awiri sangagwire ma double shift sabata iliyonse nkumatumizanso kumudzi, china chigwa ndipo chimene chimagwa ndi giredi. Bola kumaliza community college m'zaka zitatu ndi 3.8 kusiyana ndi zaka ziwiri ndi 3.1. Mukaona kuti kalasi yakukanikani dziwani tsiku lomaliza lochokera ndi W, chizindikiro choti munaisiya kalasiyo, W mmodzi kapena awiri sapha munthu ndipo salowa mu GPA, D ndi F amalowa. Koma a F-1 musachoke m'kalasi musanaonane ndi DSO wanu, mkulu woona za ophunzira akunja pasukulupo, mukatsika pansi pa ma credit 12 popanda chilolezo mwaononga status. A Pell Grant nanunso kumbukirani kuti ili ndi malire, masemesita 12 a full time moyo wanu wonse, musawathere pa makalasi osasamuka.

Za kunja kwa kalasi, yambani pano

Sukulu za udokotala zimafuna umboni woti mukudziwa fungo la chipatala. Apa ana a kwathu ambiri ali ndi mwayi umene sauzindikira, chifukwa ntchito ya CNA, wothandizira anamwino, imene ambiri amagwira ku nursing home, kusambitsa agogo, kuwatembenuza, kuwadyetsa, kukhala nawo akamatsirizika, ndi clinical experience yeniyeni ndipo imaposa kukhala pa desiki ya chipatala kumalozera anthu njira. EMT, medical assistant, phlebotomy, scribe, zonsezi zimawerengedwa. A F-1 ntchito ya kunja kwa campus popanda chilolezo ayi, inu funsani za kudzipereka kwaulere ku chipatala kapena ku hospice ndipo mufunse DSO kaye. Onjezerani shadowing, kutsatira dokotala tsiku lake lonse mukungoonerera, ndi ntchito ina yothandiza anthu wamba monga ku food bank. Gulani kakope muzilemba malo, masiku, maola, dzina ndi nambala ya woyang'anira, komanso mizere iwiri itatu ya zimene zinakukhudzani tsikulo popanda kutchula dzina la wodwala. Fomu ya AMCAS ili ndi malo 15 a zochita zoterezi ndipo idzafuna zonsezo, pakutha zaka zinayi simudzakumbuka.

GPA ikafika cha m'ma 3.5 mudzalandira kalata ya Phi Theta Kappa, bungwe la ophunzira okhoza bwino a m'ma community college, musaitaye poganiza kuti ndi akuba a pa intaneti, mayunivesite ambiri ali ndi sikolashipu ya mamembala ake okha. Palinso Jack Kent Cooke Undergraduate Transfer Scholarship imene imafika mpaka $55,000 pa chaka, ndi yovuta kupeza koma kulemba n'kwaulere. A green card ndi ma citizen yang'ananinso ngati ikadalipo SHPEP, pologalamu ya zaumoyo yaulere ya masabata 6 nthawi ya summer ya ophunzira a chaka choyamba ndi chachiwiri, a ku community college amaloledwa, mukadikira mpaka mutasamuka nthawi yake imakhala itadutsa.

Ndipo musanachoke, pezani mphunzitsi mmodzi wa sayansi amene amakudziwani bwino mumupemphe kalata. Osangomuponyera imelo ya mzere umodzi, pitani ku ofesi kwake, mufotokozereni kumene mukupita, mumufunse ngati angakulembereni kalata yamphamvu, mawu oti yamphamvuwo muwatchule kuti ngati akukayika apeze pothawira. Kalatayo ikhoza kusungidwa pa webusaiti ya Interfolio mpaka nthawi yake.

Kufunsira malo ndi kusamuka kwenikweniko

Izi n'zosavuta mukakhala kuti zam'mbuyozi munachita, chachikulu ndi masiku. Ku University of California TAG imalembedwa mu September ndipo fomu yeniyeni imatsekedwa kumapeto kwa November, pafupifupi chaka chathunthu musanalowe, amafuna ma unit 60 a semesita kapena 90 a quarter. Kwina masiku otsekera amakhala pakati pa February ndi April, kwina amalandira mpaka pafupi ndi kutsegulira koma ndalama za sikolashipu zimakhala zitatha. Funsirani malo atatu anayi. Posankha musangotengeka ndi dzina, funsani ngati pali ofesi ya pre-health advising, ngati amalemba committee letter, kalata ya sukulu yokuchitirani umboni pofunsira udokotala, ndipo ngati munthu wochita kusamukira amaloledwa kuipeza, chifukwa ena amafuna mukhale mutachita ma credit akutiakuti a sayansi pasukulu pawo. Funsani ngati pali chipatala pafupi, ngati ma labu ofufuza amatenga ophunzira a digiri yoyamba. Yunivesite ya boma yapakatikati kumene mungapeze 3.8 ndi mphunzitsi wokudziwani imakufikitsani patali kuposa ya dzina lalikulu kumene mukamire ndi ngongole pamwamba.

Akakulandirani adzakutumizirani transfer credit evaluation. Iwerengeni mzere ndi mzere, kalasi ikalembedwa ngati elective pamene mukudziwa kuti ikufanana ndi yawo, dandaulani ku dipatimenti ndi syllabus ija m'manja, nthawi zambiri amasintha. A F-1, DSO wa koleji yakale amasamutsa rekodi yanu ya SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira akunja, pa tsiku limene mwagwirizana, sukulu yatsopano nkukupatsani I-20 yatsopano, pepala la sukulu loyendera limodzi ndi visa yanu, mutaonetsanso umboni wa ndalama, ndipo makalasi ayambe pasanathe miyezi isanu. Za kupita kumudzi kukaona anthu pakati pa sukulu ziwirizi, malamulo a visa akusinthasintha kwambiri masiku ano, musagule tikiti musanafunse.

Semesita yoyamba ku yunivesite

Magiredi a anthu ambiri amatsika semesita imeneyi, mpaka ochita kafukufuku anachipatsa dzina chinthuchi, transfer shock. Mumachoka m'kalasi ya anthu 25 nkulowa muholo ya anthu 300, mphunzitsi ali kutsogolo uko ndi maikolofoni, labu akuphunzitsa ndi wophunzira wa PhD, giredi yonse yagona pa mayeso atatu okha opanda tima homework tokukwezani, ndipo mafunso ake si obwereza zimene munaloweza koma kukupatsani graph imene simunaionepo kuti mufotokoze. Anzanu anadziwana kale chaka choyamba, ali ndi magulu awo ndi mapepala a mayeso akale. Nde musatenge sayansi zolemera zinayi nthawi imodzi pofuna kuthamangira, ziwiri zakwana, ndipo sabata yoyamba yomweyo mukalembetse ku ofesi ya pre-health, mulowe kagulu kowerengera limodzi, muyambe kupita ku office hours.

Pa office hours ndiimepo. Ife tinaleredwa kuti mphunzitsi sumuvutitsa, ukamuona umapatuka, kufunsa funso ndi ngati kuonetsa umbuli. Kuno nthawi imeneyo anaipatula kuti ikhale yanu ndipo nthawi zambiri munthuyo amangokhala yekha chitseko chili pululu. Pitani ndi funso lenileni, pepala lanu m'manja, apa ndinayesa motere ndasochera pati. Muli ndi masemesita awiri kapena atatu okha oti aphunzitsi awiri a sayansi akudziweni mokwanira kukulemberani kalata, amene anayambira pomwepo anali ndi asanu kapena asanu ndi imodzi. Research nayonso imapezeka choncho, werengani zimene aphunzitsi a mu dipatimenti akufufuza, lemberani angapo imelo yaifupi yonena chimene chakusangalatsani pa ntchito yawo ndi maola amene muli nawo pa sabata, ambiri sayankha, mmodzi adzayankha.

MCAT ndi nthawi yofunsira

MCAT ndi mayeso a tsiku lonse, pafupifupi maola 7 ndi theka, mafunso 230 m'magawo anayi, Chemistry ndi Physics, kuwerenga ndi kusanthula nkhani kumene amati CARS, Biology ndi Biochemistry, kenako Psychology ndi Sociology. Gawo lililonse limayambira 118 kufika 132, zonse pamodzi 472 mpaka 528, ndipo olowa MD pakatikati amakhala cha pa 511 kapena 512. Kulembetsa ndi pafupifupi $350, mumaloledwa katatu pa chaka ndi kasanu ndi kawiri moyo wonse, ndipo sukulu zimaona maulendo onse, nde si mayeso okayesa mwayi. Musalembe musanachite Biochemistry. Gawo limene limagwetsa ambiri a ife amene Chingerezi tinachiphunzirira m'kalasi ndi CARS, mulibe sayansi olo pang'ono, ndi nkhani za filosofi, mbiri, zaluso, zolembedwa mozungulira, mafunso 53 m'mphindi 90, ndipo sungaloweze. Mankhwala ake ndi kuyamba kuwerenga nkhani zazitali zovuta tsiku ndi tsiku kuyambira muli ku community college.

Tsopano werengerani nthawi. AMCAS imatsegulidwa mu May, kutumiza kumayamba kumapeto kwa May kapena kumayambiriro kwa June, ndipo mumafunsira chaka chathunthu musanalowe. Kuti mulowe udokotala mukangomaliza digiri ndiye kuti mufunsire kumapeto kwa chaka chachitatu, chimene kwa inu ndi chaka choyamba pa yunivesite, muli ndi masemesita awiri okha a magiredi a pamenepo, MCAT yolemba mothamanga, aphunzitsi asanakudziweni. Ena amakwanitsa koma ine ndimalangiza kuti mufunsire kumapeto kwa chaka chachinayi nkukhala ndi gap year, mukugwira ntchito ku chipatala kapena mu labu uku mukupita ku ma interview. Si chinthu chochititsa manyazi, ambiri olowa masiku ano amakhala atapumirako chaka kapena kuposa, kungoti muwafotokozeretu a kunyumba kuti asamafalitse kumudzi kuti mwana walephera. A F-1 chaka chimenecho chimayendera OPT, chilolezo chogwira ntchito mukamaliza digiri, nde mukambirane ndi DSO nthawi ikadalipo.

Chaka chofunsiracho tumizani msanga, June yemweyo, chifukwa sukulu zambiri zimapereka malo mmene mafomu akufikira ndipo wotumiza mu September amapeza mipando yambiri itapita. Sungani ndalama, AMCAS yokha ndi cha m'ma $175 sukulu yoyamba ndi madola 40 ndi kanthu pa iliyonse yowonjezera, kenako sukulu iliyonse imatumiza fomu yake yachiwiri ndi mtengo wakenso, amene ndalama n'zovuta ayang'ane Fee Assistance Program ya AAMC asanalembetse MCAT chifukwa sabweza zimene munalipira kale. Mu personal statement, imene ndi zilembo 5,300 basi, za community college musazibise kapena kupepesa nazo, nenani zimene munkachita nthawi imeneyo. Ndipo mu April musanayambe zonsezi lowaninso mu akaunti ya koleji yanu yakale muone ngati mulibe kangongole ka laibulale kapena ka parking, makoleji ena amagwira transcript chifukwa cha $40, ndipo AMCAS siyamba kuunika fomu yanu mpaka ma transcript onse atafika.